Makapu Atatu pa Phiri la Apongozi

Anthu amati ndimawonjezera. Mkazi wanga amatero, ana anga amatero, ngakhale wansembe wina anandiuzapo polapa kuti machimo anga ndiwachepetseko chifukwa munthu mmodzi sangachite zonsezo m'sabata imodzi. Koma za mphepo ya kwawo kwa mkazi wanga, mudzi wina kuseri kwa Chiparamba, palibe chowonjezera. Mudziwo uli pakhosi pa mapiri awiri, ndipo mphepo ikachoka kum'mawa imadzapanikizana pamenepo ngati ng'ombe pakhomo pa dibi. Ine ndinaonapo nkhuku ikuyamba kuwoloka bwalo ili ndi nthenga zake zonse, n'kukafika tsidya linalo itasosoledwa kale. Ndinaona ndi maso angawa. Mwana akalira kumtunda kwa mudzi, amene ankadzuka kukamutonthoza ndi amayi a kumunsi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti mphepoyo inalipo, pakuti m'mabuku amene ndinanyamula chaka chathunthu mulibemo.

Chitatha chilala chija tinadya chimanga chachikasu, zitsime za m'mudzimo sizinabwererenso mwakale. Mvula inagwa, koma madzi anali atatsikira pansi kwambiri. Amayi ankakatunga ku dambo, kutsika phiri ndi ndowa yopanda kanthu, kulikwera ili yodzaza. Apongozi anga aakazi anali atatupa maondo. Ana awo aakazi onse anali atakwatiwa kutali, woyamba kuwalanda ndine, pakuti mkazi wanga ndinapita naye m'tauni ku Chipata kumene ankagulitsa tomato pamsika. Choncho mayi wokalambayo ankatsika yekha m'mawa uliwonse, n'kupuma kanayi pobwera. Malo opumirawo ankadziwika, udzu unali utagona.

Ndiye kunamveka kuti bungwe lina likufuna kukumba chitsime chakuya ndi kuikapo pampu yoyendera mphepo, ya mapiko ngati mpendadzuwa wachitsulo, pamodzi ndi thanki. Pampuyo inali imodzi, malo ofuna anali atatu: mudzi wa apongozi anga, mudzi wina chakufupi ndi Mtenguleni, ndi wina m'mbali mwa msewu wa ku Mwami. Anati mphepo ndiyo isankhe. Aimika mlongoti pamalo aliwonse, ayeza chaka chathunthu, kumene mphepo ikapezeke yokwanira ndi kumene pampu ikapite.

Ine nthawi imeneyo ndinkalemba pa sikelo ya thonje, ntchito ya miyezi yowerengeka. Ndinali ndi njinga ndi dzanja lowerengeka bwino, ndiye a bungwelo anandilemba kuti ndizizungulira malo atatuwo masabata awiri aliwonse, kukopera manambala, n'kukapereka ku ofesi. Bwana wanga anali injiniya wamkazi, wamfupi, wa magalasi, wosataya mawu. Tsiku loyamba ndinamufotokozera za nkhuku ija. Anandiyang'ana mpaka ndinamaliza.

"Bambo, nkhani zanu ndi zabwino, koma ine ndikufuna manambala. Ndipo mumvetse. Mphepo yosasula madenga kamodzi pachaka ilibe ntchito kwa ine. Pampu imafuna mphepo yobwera ku ntchito tsiku ndi tsiku, makamaka m'chilimwe madzi akasowa. Ikhale yofatsa, bola isajombe."

Kachipangizo kake kanali ka makapu atatu, aliyense ngati theka la chipanda chaching'ono, omangidwa pa timikono tozungulira pamwamba pa mlongoti. Kunsi kwake kunali kawindo ka manambala ngati a pa mita ya madzi. Mphepo ikazungulitsa makapu, manambala ankayenda. Wosunga mlongoti ankakwera makwerero m'mawa ndi madzulo n'kulemba zimene waona m'buku lachikuto cholimba. Ine ndinkachotsera nambala ya dzulo pa ya lero, ndipo chotsalacho ndicho chinali mtunda umene mphepo yayenda podutsa pamalopo.

Ku Mtenguleni buku anapatsa mphunzitsi wa pulayimale. Ku Mwami anapatsa mwini kagolosale wina wokonda kuseka. Kumudzi kwa mkazi wanga panalibe chokambirana, aliyense anatchula apongozi anga aamuna.

Iwowa anali akatekisiti. Makiyi a tchalitchi, nsalu za pa guwa, belu, zonse zinali m'manja mwawo zaka zambiri osasowa ngakhale kandulo. Munthu akamapita ku migodi kapena kuminda ya fodya, katundu wake ankasungitsa kwa iwo. Wina anawasiyira nkhuku imodzi, atabwerako anamupatsa khola lonse ndi kupepesa chifukwa cha kamwanapiye kamodzi kamene kabawi anatenga. Wina anawasiyira khasu lotha, anadzalipeza litatalika. Ndikulumbira, khasulo ndinaligwira. Kwa iwo chinthu cha eni chinkayenera kubwerera kwa eni chisanadziwe kuti chinachoka pakhomo. Atalandira bukulo anagwada, analipukuta ndi mkono wa jekete, n'kunena kuti, "Amayi a kunyumba kwangawa apumako maondo." 

Milongoti anaimika mvula itayamba. M'miyezi ya dzinja mphepo inali yaulesi malo onse atatu, komabe zizolowezi zake zinayamba kuoneka. Ya ku Mtenguleni inali ngati mphunzitsi wake yemwe: kudzuka dzuwa likakwera, kugwira ntchito mpaka madzulo, kugona. Ya ku Mwami inali chidakwa, masiku atatu zii, lachinayi n'kuthamanga ngati yaba. Mwini golosale ankati manambala amakwera malole akamadutsa, n'kundipempha ndiwauze a kasitomu a pamalire atsegule msewu usiku wonse kuti pampu ibwere kwawo. Ya kwa apongozi anga inali patsogolo pa zonse, pang'onopang'ono koma patsogolo, usana ndi usiku womwe. Ndinkabwerera m'tauni ndikuimba mluzu. Ndinauza mkazi wanga kuti ayambe kusankha chitenje chovala tsiku lotsegulira.

Juni atafika, udzu utauma, mphepo ya m'chilimwe inayamba. Manambala a ku Mtenguleni anakwera. A ku Mwami anakwera modumphadumpha. A kwa apongozi anga anatsika. Masiku ena nambala ya m'mawa ndi ya madzulo inali imodzimodzi, ngati mphepo sinadutseko n'komwe, pomwe ine pokwera phirilo ndinkachita kutsika panjinga n'kuikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Ndikafika pamlongoti makapu ankakhala akuzungulira bwinobwino, akuwala. Ndinauza injiniya uja kuti mwina mita yafa. Anabwera ndi galimoto, anakwera yekha makwerero, anazungulitsa makapu ndi chala, manambala anayenda. Anati palibe chovuta. Anayamikira apongozi anga kuti buku lawo ndilo laukhondo kuposa onse. Pobwerera anandifunsa, nkhope ili gwa, ngati nkhuku za kumeneko zayambanso kumera nthenga.

Pali chinthu chimodzi chimene iye sankadziwa, ndipo ine sindinkachiona ngati chinthu. Mkamwini safika kwa apongozi ngati mvula. Ulendo uliwonse ndinkatumiza mawu kudzera mwa anthu a m'mudzimo obwera kudzagula mchere m'tauni, kuti Lachinayi ndili komweko. Tsiku la injiniyalo ndinatumizanso mawu. Chotero apongozi anga ankadziwa nthawi zonse tsiku limene mlendo akubwera.

Mu Ogasiti kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo. Maliro satumizira mawu, munthu umangopita. Titaika, ndinati ndidzere pamlongoti popeza njira inali yomweyo. Mphepo tsiku limenelo inkachotsa mawu m'kamwa, ukati moni amamva a m'mudzi wachitatu. Ndili chapatali ndinaona kuti pamwamba pa mlongoti pali chinthu choyera. Nditayandikira ndinapeza ndi thumba la fetereza, lovekedwa pa makapu aja n'kumangidwa ndi luzi mwaluso, mfundo yake ya munthu wodziwa kumanga nkhokwe. Apongozi anga anali pansi pake, atangotsika makwerero, buku lili kukhwapa.

Ndinagoneka njinga, ndinakhala pansi patali ndithu monga mwa masiku onse, ndinawomba m'manja. Tinapatsana moni, tinakamba za maliro, za wodwala, za mtengo wa thonje. Kenako ndinaloza ndi mutu.

"Atate, kachipangizoka kadwala kodi?"

"Ayi, apongozi, kali bwino. Kali bwino chifukwa cha thumbalo. Chiyambire Juni kanayamba kulira, fyii fyii, osapuma. Ndikachita kukayang'ana kankangooneka ngati mbale imodzi. Ndinati, ichi chikatha mano, eni ake tidzawauza chiyani? Ndiye mphepo ikakula ndimakamanga. Ikagona ndimakamasula kasewereko."

"Nanga masiku amene ine ndimabwera, atate?"

"Mlendo akamabwera timasesa pabwalo. Mudzapeze chinthu chanu chili m'thumba ngati mbatata?"

Ananena akumwetulira, ngati munthu woonetsa mwana amene wamulera bwino. Sankabisa kanthu. M'bukumo ankalemba chimene aona, tsiku ndi tsiku, ndipo chimene ankaona chinali chowona.

Apa ndi pamene ndinayenera kunena mawu asanu okha. Ine amene ndimayankhula mpaka wailesi kundipempha mpata, sindinawanene. Munthu amene anakupatsa mwana wake, amene sunadyepo naye mbale imodzi, amene ukakumana naye panjira umapatukira kutchire, umamuuza bwanji kuti miyezi itatu yonse wakhala akutsekera mkazi wake madzi? Ndinazungulira.

"Atate, amayi a magalasi aja ankati kachipangizoka kamakonda mphepo."

"Mwana amakondanso moto, apongozi."

Ndinavomera. Ndinati ndi zoona. Ndinathokozanso chifukwa chosamala, ndinakwera njinga, mphepo inanditsitsa phiri osapalasa.

Kunyumba ndinauza mkazi wanga. Anasiya kusankha tomato, anandiyang'ana.

"Ndiye inu mwawauza chiyani?"

"Ndawathokoza."

"Mwawathokoza! Pakamwa ponsepo?"

"Ndi atate anu, amayi. Mukawauze ndinu."

"Ine? Anandibereka ndi iwo kapena ndinawabereka ndine? Ndikawauza amayi. Amayi ndiwo adziwa polowera."

Njira yake inali imeneyo, ndipo aliyense wa ife ankadziwa kuti ndiyo yoyenera. Koma inali yaitali. Mkazi wanga sanathe kuchoka pamsika sabata imeneyo, yotsatira mwana wathu anadwala malungo. Atapita n'kuwauza amayi ake, mayiwo anangogwira pakamwa. Anati adikire tsiku labwino, chifukwa bambowo anali kukonzekeretsa ana a sakramenti la Ulimbitso ndipo akamva zoterozo asiya kudya. Ulimbitso utatha kunabwera ukwati wa mphwawo wa bambowo. Mayi amene maondo ake ndiwo anali pamlandu ndi amene anasunga nkhaniyo motalika kuposa tonse, akutsika kudambo m'mawa uliwonse, akudutsa pansi pa thumba lija.

Ine ndinapitirira kutumiza mawu Lachinayi lisanafike. Ndinkapeza makapu akuzungulira, ndinkakopera manambala ogona, ndinkathokoza. Kwa injiniya sindinanene kanthu, poopa kuti apita kukawadzudzula pamaso pa mudzi. Ogasiti anatha. Seputembala, mwezi umene mphepo ya kumeneko imagwira ntchito osapita ku tchuthi, anatha nayenso.

Thumba linachoka Okutobala ali kumapeto. Apongozi aakazi anapeza polowera, koma anauza amuna awo theka lokha: kuti eni ake akuti kasiyeni kazungulire, kakatha n'zawo. Chifukwa chake sanatchule. Bambowo anamvera monyinyirika. Masiku otsatirawo manambala anathamanga moti ndinachotsera kawiri poganiza kuti ndalakwitsa. Anasiya a ku Mtenguleni kumbuyo, a ku Mwami osaoneka n'komwe. Kenako mitambo inasonkhana, mvula inagwa, mphepo inagona, chaka choyeza chinatha.

Ndisabise, ndinaganizapo zolemba manambala anga. Luso ndinali nalo. Ndinakhala pakhonde Loweruka lina masana, mapepala a ripoti pamwendo, bolopeni m'manja. Ndikanatha kutenga masiku a Okutobala aja n'kuwayala m'miyezi yonse ya chilimwe, ndipo ndikanakhala pafupi ndi choonadi kuposa bukulo. Koma ripoti yanga inkapita pamodzi ndi buku la apongozi, lolembedwa ndi dzanja lawo, tsamba lililonse lili ndi kamtanda pamwamba. Kuti zanga zikhale zoona, zawo zikanayenera kukhala zabodza. Ndinatseka bolopeni.

Lolemba ndinakamuuza injiniya zonse: thumba, luzi, maliro, Lachinayi. Poyamba anaganiza kuti ndi nkhuku ina. Ataona kuti sindikuseka, ndipo ine sindiseka ngakhale pa nkhuku, anatenga mabuku atatu aja n'kuwayala patebulo. Anayendetsa chala m'miyezi ya dzinja, analumpha chilimwe, anaima pa Okutobala nthawi yaitali.

"Masiku awa akundiuza kuti mwina mukunena zoona. Mwina. Koma masiku owerengeka sangayimire chaka. Pampu ikaikidwa pamalo opanda umboni n'kukaima, anthu a ku Mtenguleni ndikawauza chiyani? Buku lawo ndi lathunthu, mphepo yawo ndi yokwanira."

"Tiyezenso chaka china, mayi."

"Milongoti ikuyembekezeka ku boma lina. Pampu yafika kale, ili m'mabokosi." Anavula magalasi. "Munaona liti thumbalo?"

"Mu Ogasiti."

"Bambo, mukanandiuza tsiku lomwelo. Ndikanapita ndekha, Seputembala tikanamugwira. Ine si mkamwini wawo."

Tsiku lozula mlongoti ndinatumiza mawu monga mwa nthawi zonse. Tinapeza apongozi anga atavala jekete la ku Misa, anthu atasonkhana. Dalaivala atatsitsa kachipangizoko, iwo anakalandira ndi manja awiri, anakapukuta, anakakulunga m'chitenje chochapa, n'kukapereka kwa injiniya atagwada. Dalaivalayo anatsegula chitenjecho pang'ono n'kuimba mluzu.

"Madala, ichi mwachisunga bwanji? Cha ku Mwami chachita dzimbiri, cha ku Mtenguleni chakhuta fumbi. Ichi ndiye chatsopano, ngati sichinagwirepo ntchito!"

Apongozi anga anaweramitsa mutu mwaulemu polandira chiyamikirocho. Kenako anafunsa kuti okumba chitsime abwera liti.

Injiniya anawapempha apite naye pambali, kuseri kwa galimoto. Sindinamve mawu ake. Ndinangoona akuloza pamwamba pamene panali makapu, akutsegula buku, akuloza masamba. Sanatenge nthawi. Atatha anagwira dzanja la bambowo ndi manja ake onse awiri, anakwera galimoto. Ine ndinatsala, ndinati ndibwerera panjinga imene tinaikweza m'galimoto pobwera.

Anthu atabalalika, apongozi anga anabwera pamene ndinakhala. M'zaka zonse za ukwati wanga anali asanakhalepo pafupi nane kotero, moti ndinkamva fungo la sopo wa jekete lawo.

"Apongozi, tsiku la maliro lija, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, atate."

"Amayi akunyumba ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Mwana wanga?"

"Nayenso."

Anayang'ana dzenje la mlongoti.

"Mwandilemekeza kwambiri," anatero. Anadzuka, anakokera dothi m'dzenjemo ndi nsapato kuti mbuzi ingathyokemo mwendo, anapita kunyumba.

Ndinagona m'mudzimo, kwa mlamu wanga wina. M'mawa mwake ndinamva phokoso la amayi panjira ya kudambo, ndinatuluka. Apongozi anga aamuna anali kutsika phiri, ndowa ziwiri m'manja. Akatekisiti, munthu wa imvi, amene amuna anzake ankamuvulira zipewa. M'mudzimo mwamuna wokwatira sankapita kukatunga pokhapokha m'nyumba muli maliro kapena matenda aakulu, ndipo amayi ena anathamangira kunyumba kwawo kukaona ngati mayiwo ali moyo. Anawapeza pakhomo, akukalipa.

"Abambo, bwererani! Mukufuna anthu azinena kuti ndinakudyetsani chiyani? Bwererani, ndipita ndekha!"

Iwo sanacheuke. Ndinathamanga kukawalanda ndowazo, anandikaniza ndi mutu wokha.

Pampu anakaiika ku Mtenguleni, ndipo inagwira ntchito bwino, sindinganame. Apongozi anga aamuna anatunga madzi kuyambira tsiku limenelo mpaka miyendo yawo inakana, zaka zingapo pambuyo pake. Sanaphunzire kusenza pamutu. Ankanyamula m'manja, madzi akukhavukira pa thalauza, n'kufika pakhomo ndowa zili theka. Apongozi aakazi ankawadikira pampando, maondo atakulungidwa nsalu, n'kusuzumira m'ndowamo.

"Awa ndi madzi kapena mwangonyowetsa ndowa?"

Bambowo ankakhuthulira mumtsuko, n'kutembenuka kutsikanso ulendo wachiwiri.